Denga Louma

M'thupi mwanga muli impso ya mlendo.
Kuti magazi anga asaipirikitse
ndimameza mapiritsi ogonetsa asilikali a m'thupi,
awiri m'mawa, atatu dzuwa likamira kuseri kwa doko.
Katemera atafika ku Valparaíso
anandibaya kawiri, nadzabayanso,
koma Dokotala Inostroza, maso ali pa pepala,
anati: tagogoda ndithu,
m'nyumbamo palibe wadzuka.

Chaka choyamba chija, pa wailesi,
bambo wina wa mawu othira mafuta anati
mliri tiusiye uyende, ulawe aliyense,
otsalawo adzalimba ngati gulu la ziweto.
Ndinazimitsa.
Ndinawetapo nkhosa za amalume kum'mwera kozizira,
ndikuidziwa yotsimphina yotsalira m'mbuyo,
ndikudziwa imene chilombo chimayamba kuiona.
Koma amene anapita ndi mlamu wanga Eleuterio,
wosenza matumba padoko, wosadziwa n'chimfine chomwe.
Kumanda tinali asanu,
otalikirana ngati tinayambana.

Ximena, namwino wa khomo lachisanu ndi chiwiri,
anandiuza mwa mtundu wina,
ataima masitepe atatu kumunsi kwanga, chikwama chili m'khwapa.
Ukukumbukira moto uja unakwera phiri lino?
Sunkafunsa dzina la munthu.
Unkangofuna denga lina lapafupi loti udumphirepo.
Tsono onse okuzungulira akanyowetsa awo,
lako lokha n'kutsala louma pakati,
udzera kuti?

Ndinamufunsa: madenga angati akwanira?
Anakweza mapewa.
Chiwerengerocho sichikhala pansi, anatero.
Kachilomboka kamasintha malaya,
madzi nawo amauma padenga,
pamafunika kuthiranso.
Ndipo ntchetche imodzi ikhoza kuuluka patali.
Sanandilonjeze kanthu. Anathamangira basi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka kalaliki.
Kuchokera kumunsi kwa masitepe athu kufika pamwamba
pali makomo makumi anayi ndi atatu.
M'kope lolembamo kuthamanga kwa magazi
ndinatsegula tsamba lakumapeto.
Maite wophika buledi, chonga.
Anyamata openta makoma usiku aja, onse anayi,
mmodzi akuti anakomoka ataona singano.
Mayi Amparo ndi agalu awo asanu ndi mmodzi,
agalu sindinawawerenge.
Ndinkamvetsera pazenera ngati kazitape:
wadandaula za phewa lero ndani?

Khomo loyandikana ndi langa ndi la Rigoberto.
Iye ankati magazi ake anakhwima ndi mchere wa m'nyanja,
palibe boma lomugwira mkono.
Kumuda sindikanatha.
Zaka ziwiri ndiye ankandikwezera botolo la gasi
masitepe zana limodzi ndi khumi ndi awiri,
n'kulisiya pakhomo, n'kugogoda ndi phazi, n'kuthawa.
Komabe akatsokomola kuseri kwa matabwa
ndinkagona chagada,
kumva fungo la utsi umene kunalibe.

Lero ndatsika ndekha kukagula buledi,
nsalu ili kukamwa, mawondo akunjenjemera.
M'kangolo kotsetsereka phiri pa chingwe
mikono isanu ndi itatu inagwira chitsulo chimodzi,
ya tsitsi, ya mawanga, ina ya utoto wobiriwira,
uliwonse ndi kabowo kake kosaoneka, kopola kale.
Palibe anandiyang'ana.
Palibe akudziwa kuti anandisenza.
Ndinafuna kunena zikomo,
koma ukamuthokoza bwanji munthu
chifukwa cha matenda amene sanakupatse?

Pobwerera ndinapeza Rigoberto pakhonde
akusisita phewa lakumanzere, nkhope itakwinyika.
Chavuta n'chiyani, aneba?
Chitseko, anatero, osandiyang'ana.
Ndawombana ndi chitseko.

Ndinamupatsa buledi mmodzi, akadali wofunda.
Ndinalowa m'nyumba, n'kutsegula tsamba lakumapeto.
Atsala makomo asanu ndi limodzi,
ndipo mphepo ya kuphiri kuno
simachedwa kutembenuka.